Mapepala a Nsatsi pa Chulu cha Amalume

Amuna anga oyamba anali munthu wosatha kuona chinthu n'kuchisiya. Wailesi ya eni ake ikafa, iwo ndiwo ankayamba kuitsegula kumsana. Anachokera ku Msakambewa, ku Dowa, n'kudzakhala chikamwini kwathu kuno kumapiri a Ntchisi, chakufupi ndi Malomo. Anaphunzirako pang'ono pasukulu ya mishoni, ndipo kaphunziro kameneko kanawasiyira nthenda yofuna kudziwa chilichonse. Ine ndiye ndinabadwa wokayika. Munthu akandipatsa moni wautali ndimayamba kuyang'ana ngati nkhuku zanga zilipo zonse. Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, koma ndinkawakonda amuna aja, ndipo sindichita manyazi kunena.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula isanagwe, m'mudzi munalowa malungo achilendo. Ankangokugwira mwadzidzidzi ukusinja kapena ukuchokera kudambo. Mutu unkawawa kuseri kwa maso, kuwala kwa dzuwa kukhala ngati tsabola, msana ndi miyendo ngati wakumenya munthu. Mapilitsi a malungo tinkamwa, koma zinali chimodzimodzi kumeza chimanga. Pakapita masiku ochepa ankachoka okha, n'kukusiya wolefuka. Inenso anandigoneka, ndipo mwana wanga wachiwiri anali akadali kubere.

Tsiku lina kunabwera munthu pa njinga, bokosi lathabwa kumbuyo, kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Chichewa chake chinkamveka kuti kwawo n'kumpoto. Anati ndi wa zaumoyo, wachokera ku boma. Asanafunsidwe n'komwe anatulutsa khadi la chipani n'kutionetsa, ndipo ine mumtima ndinati basi, kazitape uyu. Munthu wabwinobwino amadikira kuti amufunse.

Anatikhazika pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba mafunso. Ndani wadwala posachedwapa? Mumagona kuti kukatentha, m'nyumba kapena pakhonde? Madzulo mumakhala malo ati? Tonse tinangoti zii, maso pansi. Amene sanakhaleko masiku amenewo sangamvetse. Kunena kuti kwanu kuli matenda kapena njala kunali ngati kunyoza boma, ndipo anthu ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Dzina la ndende ya ku Dzaleka tinkalitchula monong'ona. Ndiye amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene anali eni mbumba komanso tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu, anayankha m'malo mwa tonse, akumwetulira.

"Kuno tili bwino, bwana. Tikudya, tikuvala, nyumba sizidontha. Matenda sitikuwadziwa."

"Ayi, adwala ambiri," anatero amuna anga ali kumbuyo. "Ngakhale akazi angawa angodzuka kumene."

Ndikanakhala nawo pafupi ndikanawatsina mpaka magazi. Mkamwini kutsutsa mwini mbumba pamaso pa mlendo! Amalume anaseka n'kunena kuti, "Akamwini athu ndi ophunzira, bwana, muwafunse iwowo." Amalume anali munthu woseka ndi mano okha, ndipo ine ndinkadziwa bwino kuti kuseka kumeneko kumathera kuti.

Mlendo uja anafotokoza chimene anadzera. Anati kuli tintchentche ting'onoting'ono, tochepa kuposa udzudzu, timene timabisala masana m'mauna a chulu ndi m'ming'alu ya miyala. Timatuluka dzuwa likamalowa, sitilira ngati udzudzu, ndipo timadutsa ngakhale m'mabowo a masikito. M'maiko ena, anati, tintchentche timeneti tikaluma munthu timamusiyira kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene mankhwala a malungo sakakhudza. Ambiri amachira okha, koma kwa ena kachilomboko kamakwera m'mutu, khosi n'kuuma. Sananene kuti ndi zimene zatigoneka. Anati sakudziwa, n'chifukwa chake akufuna atigwire tintchentcheto akatipime kutali kumene kuli zipangizo. Ine ndinaganiza kuti munthu wa boma wovomera kuti sakudziwa ndiye woopsa kwambiri.

Misampha yake inali mapepala oyera opakidwa mafuta mbali zonse ziwiri, opanikizidwa pa timitengo tong'alula. Ankawazika madzulo pakamwa pa mauna a chulu, m'mawa n'kutola tizilombo tomatirira. Anayendayenda m'mudzi monse, ndipo mwa zulu zonse anasankha cha amalume, chifukwa chinali chachikulu ndiponso cha mauna ambiri.

Kwathu chulu chili ndi mwini wake ngati munda. Mvula yoyamba ikayandikira mwini amachilambula, amachifolera ndi udzu, n'kukwirira mtsuko pambali kuti ngumbi zikamatuluka zizigweramo. Munthu wina sakhudza, ngakhale kukodzapo. Chulu cha amalume chinali chodziwika mpaka midzi ya kutsidya, ndipo iwo ankachinyadira kuposa ana awo. Mlendo atapempha, anati, "Eya, bwana, chulu n'cha boma." Akanakana bwanji?

Mlendo uja anagona kwathu masiku angapo, amuna anga akumunyamulira bokosi ngati mwana wasukulu. Kenako anati ali ndi midzi ina yoti ayendere, n'kuwasiyira ntchito. Anawasiyira mapepala, timabotolo ta sipiriti tosungiramo tizilombo, ndi kanthenga kotolera. Anati adzabwera mvula ikakhazikika kudzatenga. Mafuta okha ndi amene anali atamuthera. Anati palibe vuto, ndi mafuta a nsatsi wamba, amayi a kumudzi amayenga okha.

Nsatsi ndinkayengadi, kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kuti ndizidzoza ana. Koma ndani sadziwa kuti mafuta omwewo ndi amene amathiridwa m'nsupa za afiti? Mayi akagwira nsatsi m'mawa, mwana ali pamiyendo, palibe amayang'ana kawiri. Koma mwamuna, mkamwini, madzulo, pachulu cha eni?

"Bambo, mwapenga kodi?" ndinawafunsa nditawapeza akutsanula botolo langa. "Mukufuna anthu aganize chiyani?"

"Aganize zimene akufuna, mayi. Landituma ndi boma."

"Boma lake liti? Munthu wa njinga uja? Mwamudziwa liti?"

"Inu simukufuna kudziwa chimene chinakugonekani?"

"Ndadzuka, basi. Ukayenda umasiya phazi, inu mukusiya mlomo ndi manja omwe."

Anangoseka n'kutuluka ndi mapepala awo. Atachoka ndinatenga pepala limodzi limene linatsala n'kuliyang'anitsa padzuwa, chifukwa ndinali nditamva kuti oukira boma ali ndi zolemba zimene zimaoneka pokhapokha zitanyowa. Ndinalipaka mafuta, ndinaliwamba pamoto, ndinalinunkhiza. Linali pepala chabe. Koma mtima wanga sunakhale pansi.

M'mawa wina anandiitana kuseri kwa nkhokwe ali ndi chimwemwe ngati apha gwape. Papepala panali tizinthu tambirimbiri, ndipo ndi kanthenga kaja anandilozera kamodzi. Kanali kotuwa, kaubweya, timiyendo titalitali, timapiko totukuka m'mwamba. Ndikanakaona pamkono ndikanati ndi fumbi la gaga.

"Kameneka?" ndinatero. "Kameneka n'kogoneka munthu wamkulu ngati ine?"

"Si kokha ayi. Kali ndi kena m'mimba mwake."

"Inu mwakaona?"

"Sikaoneka."

"Ndiye mukusiyana pati ndi asing'anga?"

Anakaika m'kabotolo mosamala, ngati akugoneka khanda.

Anthu anali atayamba kale kulankhula. Ndikafika pachitsime nkhani inkaduka. Msuweni wanga wina anandifunsa akuseka ngati amuna anga alandira ntchito ku boma kapena kumanda. Ana ankawatsatira chapatali madzulo kukaona akupaka mafuta, amayi awo n'kumawakalipira kuti abwerere. Ena ankati mkamwini akuitana matenda kuchokera pansi. Ena ankati mapepala aja ndi zizindikiro za oukira boma obisala m'phiri. Ine ndinkatukwana aliyense amene wandifunsa, koma ndikabwerera kunyumba ndinkayang'ana timabotolo tija pansi pa bedi, n'kumadzifunsa ndekha kuti munthu amene ndikugona nayeyu ndimamudziwa mpaka pati.

Mvula inagwa. Amalume anauza amuna anga mwaulemu kuti achotse mapepala, n'kufolera chulu chawo monga mwa chaka chilichonse. Ngumbi zinatuluka m'zulu zonse za m'mudzi, ngakhale tizulu ta ana. M'mudzi monse munanunkhira zokazinga. Pachulu cha amalume sipanatuluke ngakhale imodzi. Mwina chulucho chinali chitakalamba, pakuti zulu nazo zimafa. Koma amalume anakhala pakhonde tsiku lonse, mtsuko wopanda kanthu uli pambali, ndipo amuna anga atawapatsa moni anayankha kuti, "Tili bwino, akamwini, ndi mphamvu zanu."

Pasanapite nthawi mwana wotsiriza wa amalume, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, anadwala. Tinkayesa ndi malungo omwe aja. Amuna anga anapita kukazonda, ndipo atamuona mwana akukana kuwala, akulira akamuweramitsa mutu, anatuluka panja n'kuuza amalume pamaso pa anthu kuti, "Mwanayu musagone naye pano. Khosi layamba kuuma. Matendawa akakwera m'mutu amapha, tiyeni naye kuchipatala lero lomwe." Ananenera chifundo, ndikudziwa. Anadzipereka kuti amubereka okha. Amalume anakana kuti mkamwini amukhudze. Anazengereza, anayamba ndi mankhwala achikuda, ndipo pamene ankamunyamula pa machira kunali kutachedwa. Mwana anamwalirira panjira.

Chimene chinapha mwana uja sindichidziwa mpaka lero. Kaya ndi kachilombo ka m'tintchentche, kaya malungo aakulu, kaya nthenda ina ya m'mutu. Koma pamaliro funso linali limodzi, ndipo linkayenda kuchokera khutu ili kupita khutu ilo: mkamwini anadziwa bwanji kuti mwana afa? Kwathu wolosera imfa ndiye mwini wake wa imfayo.

Maliro atatha amayi anandiitana kumunda n'kundiuza chimene amalume anakonza. Za ufiti sakanapita nazo patali, chifukwa boma silinkazimva. Koma anali ndi njira ina yachidule. Akanangouza anyamata a chipani kuti m'mudzi muli munthu wofalitsa mapepala, amenenso amauza alendo kuti m'dziko muli matenda. Zimenezo zokha zinali zokwanira kuti galimoto ibwere kudzawatenga.

Amuna anga sanaope. Anati mlendo uja akabwera adzafotokoza zonse, ali ndi makalata a boma. Ine ndinati sindidikira munthu wa njinga. Ndinabereka mwana n'kuyamba ulendo wa ku boma wapansi, kukwera ndi kutsika mapiri aja, matope mpaka m'akakolo. Nditafika ku ofesi imene anandilozera, ndinapeza bambo wina wa magalasi n'kumufotokozera za munthu wakumpoto wogwira tintchentche. Nkhope yake inasintha. Anadzuka, anasuzumira pakhomo, n'kubwerera.

"Mayi, mwachokera kuti?"

Ndinamuuza dzina la mudzi wina, osati wathu.

"Munthu ameneyo kuno kulibe. Anabwera kudzamutenga. Musandifunse chifukwa chake, inenso sindikudziwa. Ngati anakusiyirani kanthu, simunamuonepo, ndipo inenso sindinakuoneni."

Munthu amene ndinkamuyesa kazitape anali atatengedwa yekha, ndipo mboni imene amuna anga ankaidalira inali itasanduka mlandu. Njira yonse yobwerera ndinkangoyang'ana kumbuyo.

Nditafika kunyumba ndinawauza amuna anga zonse. Kenako anatulutsa timabotolo tija n'kutiyala pamphasa, ntchito ya miyezi yonse ija. Anati mwina tikwirire penapake, tsiku lina adzabwera wina wodziwa. Ndinati mukwirire mutu wanu. Ndinatikulunga m'chitenje ndekha n'kukatiponya m'chimbudzi, mapepala n'kusonkhezera moto. Iwo anangoyang'ana. Kuyambira pamenepo palibe anabweranso kwathu kudzafunsa za tintchentche.

Koma amalume anali asanakhutire, ndipo amayi ndiwo anapeza njira. Anati mlongo wawoyo chimene akufuna n'chakuti asamuonenso munthuyo m'mudzi muno. Nkhani ikakhala ya banja, ithera kwa ankhoswe. Ikakhala ya chipani, ithera ku Dzaleka. Ndiye ine ndiimirire pamaso pa ankhoswe ndinene kuti mwamunayu sindikumufunanso, apite kwawo ngati mkamwini wokanidwa. Ndinati ndipita naye limodzi. Amayi anati ana ndi a mbumba, amalume sangalole kuti achoke, ndipo tikathawa tonse ndiye kuti tavomera mlandu.

Tinapangana ndi amuna anga tili m'munda wa fodya, tikunamizira kupalira. Anavomera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Anati zinthu zikazizira, mwina tikakolola, adzatumiza ankhoswe awo kudzapepesa, banja n'kubwerera. Tinasankha limodzi zoti ndikanene: kuti ndi aulesi, sanandimangire nkhokwe yabwino, amachedwa kumunda. Mpaka tinaseka, chifukwa nkhokwe yathu inali yabwino kuposa zonse m'mudzimo.

"Koma mukanene mwamphamvu, mayi," anatero. "Pakamwa paja mumandilalatira napo, pagwire ntchito. Akakayika ndapita."

Tsiku la ankhoswe tinakhala pakhonde la amayi. Kuchokera ku Msakambewa kunabwera akulu awo a amuna anga, munthu wofatsa, wa mpingo. Kumbali yanga nkhoswe anali amalume omwewo. Ndinaimirira n'kunena zonse zimene tinapangana, mokweza, manja m'chiuno. Nditamaliza amalume anamwetulira.

"Zimenezi n'zochepa, mwana wanga. Banja silitha chifukwa cha nkhokwe. Khalani pansi mugwirizane. Ngati akamwini ali ndi milandu ina, ili ndi kwake kokakambira."

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Chakumsewu, pansi pa mtengo, panali anyamata awiri a chipani amene anati akungopumula. Amuna anga anandiyang'ana. Mabodza anali atandithera, ndipo amalume ankadziwa kununkhiza bodza kuposa galu.

Ndiye ndinatsegula pakamwa n'kusiya kuti zituluke zokha. Ndinati pamene ndinkadwala, mwana akulira kubere, munthuyu ankandifunsa kuti mutu ukuwawa mbali iti m'malo mokatunga madzi. Ndinati chiyambire sanandimverepo, ndikamuchenjeza amaseka ngati ndine mwana. Ndinati tizilombo takufa ankatigwira mwaulemu kuposa mmene anandigwirirapo ine. Misozi inayamba kutsika, yeniyeni, ndipo sindinathe kuima. Ndinati ndakhala ndikugona maso ali pakhomo, ndikudzifunsa kuti munthu ali pambali pangayu ndi ndani. Ndinati mwana wa amalume atamwalira, inenso ndinadzifunsa kuti anadziwa bwanji. Ndinati ndikumuopa, ndipo sindikufuna kuti akhudzenso ana anga.

Akulu awo a amuna anga anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Amalume anasiya kumwetulira, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Mwamva nokha, alendo. Mutengeni munthu wanu." Patapita kanthawi anyamata aja anadzuka pansi pa mtengo n'kumapita.

Katundu wa mkamwini sachedwa kumanga. Khasu, nkhwangwa, bulangeti, Baibulo. Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukaonetsetsa kuti asatenge zanga, amayi ataima pakhomo, akazi a amalume ali kumbuyo kwawo. Amuna anga anali atagwada akumanga mtolo ndi luzi. Ndinkafuna andiyang'ane kuti ndiwatsinzinire diso, adziwe kuti zatheka, apulumuka. Sanadzutse mutu.

"Mwalankhula bwino, mayi," anatero motsitsa mawu. "Koma zomalizira zija sitinapangane."

Ndikanayankha chiyani, anthu ali pakhomo? Ndipo ngakhale pakanapanda munthu, sindikanalumbira kuti zonse zinali zabodza. Anasenza mtolo, anaima pang'ono pamene panali ana, manja ali kumbuyo, osawakhudza, n'kutsatira akulu awo njira ya ku Dowa. Galimoto sinabwere, ndipo ku Dzaleka sanapiteko.

Tinakolola chaka chimenecho, ndinasesa pabwalo, ndinasunga tambala woti ndidzaphere alendo. Tambala uja anakalamba, ndinasunga wina. Ankhoswe a ku Msakambewa ndinawadikira mpaka mwana wanga woyamba anakwatiwa.